Lamba Wakuda ndi Poyambira Cabe

Makolo ambiri timaopa mwana akapempha kuphunzira judo, poyesa kuti ndi sukulu ya ndewu. Komatu dzinalo litanthauza "njira yofatsa". Anaiyambitsa mu 1882 ndi mphunzitsi Kano Jigoro, m'kacisi wa Abuda ku Tokyo. Iyeyo ndiye anakonzanso magawo a ukatswiri ochedwa dan, kutengera masewera a timiyala a go. Karate, yocokera pa cisumbu ca Okinawa, inangobwereka malambawo mu 1924.

Lamba wakuda amene ana athu amasirira, eni ake amati shodan, ndiko kunena gawo loyamba cabe; patsogolo pakali ena asanu ndi anayi!

Kuno ku Zambia, Bambo Jude McKenna a cipani ca Capuchin anaphunzitsa judo zaka zambiri, ndipo boma la Japan linawapatsa mendulo yaulemu mu 2019.