Filimu inatha, koma zithunzi zake zikadali m'masutikesi ku Karonga

Kale mlendo akafika pakhomo ku Karonga, mpunga wa kilombero uli pamoto, nkhuku ikusosoledwa kuseri, mwininyumba ankalowa kuchipinda n'kutuluka ndi alubamu. Mlendo ankaipakata n'kumatsegula pang'onopang'ono, mwana wa pakhomopo ataima pambali kumaloza ndi chala: awa ndi amalume ali ku Joni, apa ndi paukwati wa achemwali, kamwana kali kutsogoloka ndine. Pamene madzi osamba m'manja ankabwera, mlendo uja anali atadziwa amoyo ndi akufa omwe a banja limenelo.

Mwambo umenewu ukuzilala. Alubamu zambiri zinatsika pashelefu n'kulowa m'masutikesi a kunsi kwa bedi, ndipo amene ankazidzadza ndi zithunzi, makameramani a filimu aja, ambiri anapachika kamera.

Amene anakula m'zaka za m'ma 1970 mpaka 1990 kameramani amamukumbuka bwino. Ankayenda panjinga, kamera ya Yashica kapena Zenit ili m'khosi, chikwama cha maenvulopu chili paphewa. Ankadziwa kumene anthu atchena: Lamulungu potuluka m'tchalitchi, pa Khrisimasi, pa 6 Julayi, tsiku lotsekera sukulu, kapena pabwalo pamene magulu a mapenenga akupikisana atavala zoyera mbee. Kuchokera ku Kaporo mpaka ku Chilumba, munthu ameneyu ankalandiridwa ndi ulemu. Ana ankamuthamangira, atsikana ankathawira m'nyumba kukapesa.

Filimu imodzi inkatenga zithunzi 24 kapena 36, ndipo kameramani sankaitulutsa isanadzaze. Wojambulitsa ankapereka kaye theka la ndalama, dzina lake n'kulembedwa m'kope. Kenako kudikira. Filimu ya zithunzi zamakaka inkayenera kukatsukidwa kutauni yaikulu, choncho inkakwera basi ya UTM, pambuyo pake ya Stagecoach, n'kukwera mapiri a Chiweta ulendo wa ku Mzuzu, mtunda woposa makilomita 200, nthawi zina n'kupitirira kummwera. Sabata zinkatha. Kudikira kwake kunali ngati kudikira zotsatira za mayeso, chifukwa palibe ankadziwa chimene chituluke. Ena ankapezeka atatsinzina, ena atadulidwa mutu. Mawu amene aliyense ankawaopa anali akuti chithunzi chapsa, kutanthauza kuti kuwala kunalowa mufilimu. Zikatero suti yobwereka ija inali itabwezedwa kale kwa mwini wake.

Chifukwa mwayi unali umodzi, munthu ankaukonzekera. Malaya ankasitidwa ndi simbi yamakala, nsapato n'kupolishidwa, nkhope n'kudzozedwa mafuta mpaka kunyezimira. Mnyamata ankapinda dzanja la malaya kuti wotchi ioneke, kapena kunyamula wailesi ya kaseti paphewa. Ena ankaima pafupi ndi maluwa, ena ankatsamira galimoto ya eni ake paboma, ena ankapita kunyanja kukaima pambali pa bwato, mapiri a ku Tanzania akuoneka patali kutsidya. Achinyamata a lero akaziona zithunzi zimenezi amaseka, amati anthu akale ankauma thupi pojambulitsa. Ine sindiona choseketsa. Munthu amene moyo wake wonse anajambulidwa katatu kapena kanayi ankadziwa kuti zidzukulu zidzamuona mmene waimiramo, ndiye ankaima mwaulemu, chifuwa patsogolo, maso pakamera.

Zithunzi zakuda ndi zoyera zokha ndizo wojambula waluso ankatha kutsuka yekha, kuseri kwa situdiyo. Kachipinda kake kankatsekedwa paliponse, ngakhale kamng'alu ka pachitseko, n'kutsala kagetsi kofiira. Kuwala kunkadutsa m'negetivu kwa masekondi owerengeka n'kugwera papepala loyera. Pepalalo likamizidwa m'beseni loyamba la mankhwala, wojambula n'kumaligwedeza mofatsa, panayamba kuoneka tsitsi, kenako maso, kenako kolala ya malaya. Beseni lachiwiri linkaimitsa ntchito ya mankhwala oyamba aja, lachitatu n'kukhazikitsa chithunzi kuti chisade chikatuluka panja. Pomaliza chinkatsukuluzidwa ndi madzi ambiri n'kuyanikidwa pachingwe. Wojambula akaumira madzi kapena mankhwala, chithunzi chinkasanduka chachikasu patangopita zaka zochepa. Amene ankagwira ntchito yawo mosamala, zithunzi zawo zikadali zakuda bii mpaka lero.

Chikondi chimenechi cha filimu chili ndi nyimbo yake. Mu 1973 woimba wa ku America Paul Simon anatulutsa nyimbo yotchedwa Kodachrome, dzina la filimu ya kampani ya Kodak. Ili m'chimbale chake cha There Goes Rhymin' Simon, ndipo inafika pa nambala 2 pamndandanda wa Billboard. Ku Britain wailesi ya BBC sinkaiulutsa chifukwa malamulo ake sankalola kutchula dzina la malonda m'nyimbo. Ndi nyimbo yachangu, yovinika, koma nkhani yake ndi ya munthu amene wazindikira kuti zakale zimakongola kwambiri pachithunzi ndi m'maganizo kusiyana ndi mmene zinalili, ndipo safuna kusiyana nako kukongolako.

Kuno kwathu Paul Simon si mlendo. Akuluakulu amakumbukira kuti nyimbo ya Cecilia, imene anaimba ndi Art Garfunkel mu 1970, inaletsedwa m'nthawi ya Kamuzu Banda chifukwa dzinalo linali la Mama Cecilia Kadzamira. Ena anamudziwira pa chimbale cha Graceland cha mu 1986, chimene anaimba ndi Ladysmith Black Mambazo, komanso pa phwando lalikulu la nyimbo ku Rufaro Stadium ku Harare mu 1987, pamodzi ndi Miriam Makeba ndi Hugh Masekela.

Filimu imene ankaitamayo inapangidwanso ndi oimba. Leopold Mannes anali woimba piyano, Leopold Godowsky woimba vayolini, ndipo kufufuza za zithunzi zamitundu anakuyamba ali anyamata pasukulu. Kodak inayamba kuigulitsa mu 1935. Chinsinsi chake chinali chakuti utoto sunkakhala mufilimumo, unkalowetsedwa panthawi yotsuka. N'chifukwa chake mitundu yake inali yowala, ndipo ikasungidwa mumdima sisuluka msanga ngakhale patapita zaka makumi ambiri. Chithunzi chotchuka cha mtsikana wa ku Afghanistan wa maso obiriwira, chimene Steve McCurry anajambula kumsasa wa othawa nkhondo ku Pakistan mu 1984 n'kutuluka pachikuto cha National Geographic mu Juni 1985, chinatoledwa pa Kodachrome.

Koma tinene zoona: kameramani wa panjinga uja sankagwiritsa ntchito Kodachrome. Filimu imeneyi sinkatulutsa zithunzi za papepala zoti n'kuika mu alubamu. Inkatulutsa masilaidi, tizithunzi ting'onoting'ono toonera pakhoma ndi pulojekita, mumdima, pamalo pamene pali magetsi. Kutsuka kwake kunkafuna makina ndi akatswiri apadera, moti inkatumizidwa papositi kunja kwa dziko. Amene ankakwanitsa zimenezi anali alendo: amishoni, akuluakulu a boma la atsamunda, aphunzitsi a Peace Corps amene anayamba kufika m'Malawi mu 1963, ofufuza ndi okaona malo. Anajambula msika, doko, ng'ombe za Angonde m'minda ya nthochi, sitima ya Ilala ikukocheza ku Chilumba, kenako ananyamula mabokosi awo n'kubwerera kwawo. Zithunzi zowala kwambiri za Karonga wakale zili kutsidya kwa nyanja zamchere. Anthu a kuno anatsala ndi za papepala, zotoledwa pa filimu wamba za Kodak, Fuji, Agfa kapena Konica.

Zoti kamera ikhale m'manja mwa alendo sizinayambe ndi Kodachrome. Pamene Harry Johnston ankagonjetsa Mlozi pafupi ndi Karonga mu Disembala 1895, kapena pamene asilikali a Britain ndi a Germany ankamenyana paboma pomwepa pa 9 Sepitembala 1914, kamera inali m'manja mwa mzungu. Buku la Johnston la mu 1897, British Central Africa, lili ndi zithunzi zambiri za anthu a dziko lino, koma ochuluka alibe maina, amangotchulidwa mtundu wawo basi. Apa ndi pamene ndimaona kufunika kwa kameramani wa panjinga. Iye ndi amene anayamba kujambula munthu wa ku Karonga monga mmene mwini wake ankafunira, atavala zimene wasankha, ndipo wolandira chithunzicho ankadziwa dzina lake, la bambo ake ndi la mudzi wake.

Zina mwa zithunzi zopatsa chidwi kwambiri m'maalubamu a kumpoto sizinajambulidwe n'komwe m'Malawi. Zinabwera m'makalata kuchokera ku Johannesburg, ku Bulawayo, ku Kitwe, ku Dar es Salaam. Mwamuna amene anapita kumigodi pa Wenela ankalowa m'situdiyo atavala suti ndi chipewa, n'kutumiza chithunzicho kwa mkazi wake kapena mayi ake, kumbuyo atalemba malonje. Unali umboni wakuti ali moyo ndipo sanaiwale kwawo. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi ya ku South Africa. Enanso ambiri anapita pawokha, anakhala matchona, osabwereranso. Pali mabanja amene nkhope ya agogo awo amaidziwira pa kapepala kamodzi kotere.

Tisaiwalenso kuti wailesi yakanema inafika m'dziko muno mu 1999. M'mbuyomo, m'zaka za ulamuliro wa Kamuzu, nkhope imene munthu ankaiona tsiku lililonse pakhoma la sitolo, la ofesi ndi la sukulu inali ya Ngwaziyo, ndipo panalibe chololedwa kupachikidwa pamwamba pake. Kukhala ndi chithunzi chakochako pakhoma la nyumba yako sichinali chinthu chaching'ono.

Chimene chinapha filimu chinabadwira ku Kodak komweko. Mu 1975 injiniya wa kampaniyo, Steven Sasson, anapanga kamera yoyamba ya digito. Pa 22 Juni 2009 Kodak inalengeza kuti yasiya kupanga Kodachrome patatha zaka 74, ndipo mpukutu womaliza unaperekedwa kwa McCurry. Malo omaliza padziko lonse otsukira filimuyi, Dwayne's Photo m'tauni ya Parsons ku Kansas, anasiya kuilandira kumapeto kwa Disembala 2010. Mu Januwale 2012 kampaniyo inapita kukhoti kukanena kuti ngongole zaikulira. Filimu zina zikupangidwabe, ndipo achinyamata a m'maiko olemera ayambanso kuzigula, koma Kodachrome sinabwerere.

Chaka chomwecho cha 2009, mu Disembala, zivomezi zinagwedeza Karonga n'kuwononga nyumba zikwizikwi, mvula ili mkati. Anthu anapulumutsa ana ndi zofunda, monga mmene zinayenera kukhalira. Palibe anawerenga zithunzi zimene zinanyowa pansi pa njerwa. Ndipo ngakhale popanda chivomezi, Karonga si malo ochezeka ndi mapepala. Kumatentha, m'mbali mwa nyanja muli chinyontho, mitsinje ya North Rukuru, Lufilya ndi Songwe imasefukira. Pamwamba pa chithunzi pali kakhungu kopyapyala ka jelatini, chinthu chochokera ku mafupa ndi zikopa za nyama, ndipo chuku, mphemvu ndi chiswe zimakadya. Kutentha kumasulutsa utoto, mtundu wina msanga kuposa unzake, n'chifukwa chake zithunzi zambiri za m'ma 1980 lero zafiira. Zina zinamatirira kugalasi la felemu kapena kupulasitiki ya alubamu, moti ukati umatule nkhope imatsalira komweko.

Foni sindikuinyoza. Yachita chimene filimu sinachite: msodzi wa usipa ku Ngosi, mayi wogulitsa chinangwa mumsika, mwana wa sukulu ku Nyungwe, onse atha kujambula popanda kupempha munthu. Vuto ndi lakuti zithunzi zimenezi sizitsukidwa. Foni ikabedwa, ikagwera m'madzi, kapena memore khadi ikafa, zaka zonse zimapita tsiku limodzi. Pamaliro mpamene zimaonekera. Pakafunika chithunzi choika pabokosi, abale amayamba kuimbirana, kufufuza pa WhatsApp ndi pa Facebook, nthawi zina n'kuthera pa kachithunzi ka pachiphaso cha unzika cha mu 2017.

Karonga ndi boma limene limadziwa kusunga zakale. Nyumba ya chikhalidwe ndi zinthu zakale imene inatsegulidwa paboma mu Novembala 2004 imaonetsa chigoba cha Malawisaurus, chinyama chimene chinayenda kuno zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Ku Uraha, mu 1991, gulu la Friedemann Schrenk linafukula nsagwada ya munthu wakale ya zaka zoposa 2 miliyoni. Katswiri wa mbiri Owen Kalinga analemba mbiri ya ufumu wa Angonde, imene inatuluka mu 1985, atakhala pansi ndi akuluakulu kumvetsera zimene ankakumbukira. Zithunzi za m'masutikesi zikufunika khama lomwelo, ndipo zikufunika msanga, chifukwa maina a anthu amene ali mmenemo ali m'mitu ya agogo okha. Mipingo, sukulu, mafumu ndi wailesi ya Radio Dinosaur angathe kuitana anthu kuti abwere nazo, zijambulidwenso, maina alembedwe, eni ake n'kubwerera nazo kwawo. Nawonso ana a amishoni ndi aphunzitsi aja, amene akusunga mabokosi a masilaidi kunja, angathe kupemphedwa kuti atumize makope.

Koma ntchito yaikulu ili pakhomo. Inu amene muli ndi alubamu ya makolo, itulutseni msanga mvula isanafike. Khalani ndi agogo kapena azakhali pakhonde, muwafunse kuti uyu ndani, kunali kuti, chinali chaka chanji, ndipo mulembe kumbuyo ndi pensulo, chifukwa inki imadutsira kutsogolo. Chithunzi chilichonse muchijambule ndi foni pamthunzi n'kutumizira abale angapo. Musachimate m'pulasitiki yotenthetsa, ndipo chomatirira kugalasi musachikakamize. Chikanyowa ndi madzi osefukira, chitsukuluzeni ndi madzi oyera, muchiyanike chagada pamthunzi, osachisanjikiza ndi chinzake. Mukapeza manegetivu m'kaenvulopu musawataye, muwaike pouma ndi pamdima, pamwamba pomwe madzi sangafike.