Buku la Anthu Ongodzipereka Lisalembedwe ndi Munthu Mmodzi

Uthenga wa maliro ukamveka m'mudzi, tambala asanalire kachiwiri adzukulu amakhala atanyamula kale makasu, mapiki ndi mafosholo kulowera kumanda. Palibe amene anawalemba ntchito, palibe fomu yosayina, ndipo dothi likauma m'chilimwe amakumbabe mpaka dzenje lifike pamlingo wake. M'mudzi womwewo, komiti ya mjigo imene bungwe lina linasiya ili ndi anthu khumi, chaka chisanathe imatsala ndi atatu, msungichuma n'kumangoyenda ndi kope lopanda kanthu. Anthu ake ndi omwewo, ndiye n'chifukwa chiyani kwina amakhalitsa, kwina amathawa? Funso limeneli ndi loyenera buku lathunthu, koma maganizo anga ndi oti buku lonena za kukopa ndi kusunga anthu ongodzipereka likalembedwa ndi katswiri mmodzi wokhala mu ofesi ku Lilongwe, lidzatuluka lokongola koma lopanda ntchito. Liyenera kulembedwa ndi anthu ambiri, aliyense akufotokoza kachigawo kamene anakagwira ndi manja ake.

Chifukwa chake chili pa mmene ntchitoyi imayendera. Kuyambira mu 1998, pamene ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma aang'ono zinakhazikitsidwa, chitukuko chimayenera kudutsa m'makomiti: VDC kwa a gulupu, ADC m'dera la mfumu yaikulu, kenako ku khonsolo. Bungwe lofuna kugwira ntchito m'boma lina limayamba lakafotokoza polojekiti yake ku komiti ya akuluakulu a nthambi za boma kwa DC, lisanatsikire kumudzi kukafuna mavolontiya. Kumeneko anthuwo amagawikana. Alezi a m'sukulu za mkombaphala amayang'aniridwa ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, odzipereka pa zaumoyo amatsata mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo, makomiti a ngozi zogwa mwadzidzidzi amalumikizana ndi nthambi ya boma ya DoDMA, ndipo a Red Cross ali ndi nthambi zawozawo. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe, amene anayamba kufukula anzawo m'matope anali anthu a komweko. Nthambi iliyonse inaphunzirapo zake, koma zimene inaphunzirazo zimathera m'malipoti a Chingerezi opita kwa opereka ndalama, ndipo polojekiti ikatha zimatsekeredwa mu kabati. Mlezi wa ku Ntchisi sadziwa mmene wa ku Nsanje anathetsera vuto lomwe likumusowetsa tulo.

Buku la anthu ambiri limayamba ndi kagulu kochepa ka akonzi, awiri kapena atatu, amene ntchito yawo yoyamba si kulemba koma kusankha mafunso. Anthu mumawapeza bwanji, kudzera kwa mfumu, kutchalitchi, kumzikiti kapena pamsonkhano wa m'mudzi? Mumawauza zotani tsiku loyamba? Amayamba kujomba pakatha miyezi ingati, ndipo ndi nyengo iti ya chaka? Mafunsowo amalengezedwa pamodzi ndi tsiku lomaliza lolandirira zolemba ndi utali wofunika. Wofuna kulembako amatumiza kaye ndime imodzi yonena zimene akufuna kukamba, kuti mitu isamabwerezane. Akamaliza, mutu wake umaperekedwa kwa mnzake wa ntchito yofanana kuti awerenge ndi kufunsa pamene sipakumveka. Pali zinthu ziwiri zofunika kugwirizana cholembera chisanagunde pepala. Choyamba, munthu aliyense wotchulidwa dzina avomere yekha, apo ayi dzinalo lichotsedwe. Chachiwiri ndi umwini: lamulo la umwini wa zaluso la 2016, lomwe bungwe la COSOMA limathandiza kuyendetsa, limateteza wolemba, choncho pakhale kalata yosayinirana yonena ngati ena angakope mutuwo kwaulere, kuumasulira kapena kuuwerenga pawailesi. Zikaiwalika izi, mkangano umabuka buku litatuluka kale.

Wina anganene kuti zonsezi n'kutaya nthawi, popeza yankho tikulidziwa: anthu amafuna alawansi, ukawapatsa amakhala, ukasiya amachoka. Mawuwa ali ndi choonadi chake ndipo sayenera kunyozedwa. Dziko lino lili ndi mbiri yowawa ya ntchito yaulere. Thangata wa m'maesiteti a kummwera anali chimodzi mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915, ndipo sabata ya achinyamata ya nthawi ya Kamuzu Banda, ngakhale inamanga milatho ndi midadada ya sukulu, ambiri ankaiona ngati yokakamiza. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, ndiponso ntchito za MASAF zitayamba kulipira anthu pokonza misewu, funso loti "tipezapo chiyani?" linakhala lachilungamo. Mayi amene wasiya munda wake mu Disembala kuti akaphike phala la ana a eni wataya chinthu chenicheni. Komatu alawansi payokha safotokoza za adzukulu aja. Iwo amakumba podziwa kuti kupatsa n'kuika, tsiku lina maliro adzakhala a kwawo. Ntchito yawo ili ndi poyambira ndi pothera, mudzi wonse umaiona, ndipo nsima yawo imapakulidwa mosachita kupempha. Komiti ya mjigo ilibe chilichonse mwa izi. Alawansi safotokozanso chifukwa chimene mabungwe awiri olipira mofanana amasiyana pa kusunga anthu, kapena zimene zimachitika bungwe lina likafika m'mudzi ndi ndalama zokulirapo n'kukokolola mavolontiya onse a linzake. Kusiyanitsa kubweza ndalama ya basi ndi sopo, komwe ndi chilungamo chabe, ndi malipiro obisika amene amatha polojekiti ikatha, kumafuna umboni wochokera m'malo ambiri. Mlembi mmodzi sangakhale nawo wonse.

Chodandaulitsa chachiwiri n'chachikulu kuposa choyamba. Odziwa zambiri nthawi zina ndi amene sanapite patali ndi sukulu, ndipo odziwa kulemba ndi ogwira ntchito m'mabungwe, omwe sangafune kuulula pagulu kuti anthu awo anawathawa. Bukulo likhoza kusanduka mpikisano wodzitama, mutu uliwonse uli ndi chithunzi cha anthu ovala malaya a bungwe akumwetulira. Za kulemba n'zosavuta kuthetsa: foni wamba imajambula mawu, mphunzitsi wa pafupi akhoza kuwalemba, n'kumuwerengera mwini wake kuti avomereze, dzina la pamutupo n'kukhala la wolankhulayo. Alankhule m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'Chisena, kumasulira kubwere pambuyo. Za kudzitama zimafuna akonzi olimba mtima. Akhazikitse lamulo loti mutu uliwonse unene chinthu chimodzi chimene chinakanika, ndipo asunge gawo lapadera la anthu amene anasiya.

Gawo limenelo ndi lovuta kulipeza, chifukwa wosiya sabwera kumsonkhano ndipo dzina lake linafufutidwa kale m'kaundula. Pafunika kumulondola kunyumba, wofunsayo asakhale amene ankamuyang'anira, ndipo wosiyayo aloledwe kubisa dzina ndi mudzi. Mmodzi adzanena za njinga imene analonjezedwa koma osaiona, wina za maphunziro a kuboma amene ankangopitako achibale a mfumu, wina kuti kwa zaka ziwiri palibe wa ku ofesi anabwera kudzaona kope lake la malipoti. Akonzi asafewetse mawu amenewa, ndipo asawaike kumapeto kwa buku kumene owerenga ambiri safikako.