Sewero la Achinyamata pa Bwalo la Mudzi

Abale ndi alongo, m'phunziro ili tiwerenga za sewero. Sewero ndi nkhani imene anthu amaionetsa ndi thupi ndi mawu pamaso pa anzawo. Ena amalitcha chisudzo. Pa Chipwitikizi amati teatro.

M'madera ambiri a dziko lathu la Mozambique anyamata ndi atsikana ali ndi magulu a masewero. Makolo ena amafunsa kuti: "Kodi mwana wanga akapindulanji kumeneko? Kodi si kutaya nthawi?" Funso limeneli ndi labwino. Tiyeni tiliyankhe pamodzi.

Sewero si chinthu chachilendo

Makolo athu ankadziwa kuphunzitsa ndi sewero. Madzulo agogo akamasimba nthano, amasintha mawu. Pena alankhula ngati Kalulu, pena ngati Fisi. Ana amavomera kuti "Tili tonse." Amayi pa mtondo amaimba nyimbo zodzudzula mwamuna waulesi. Mwamunayo amamva, ngakhale sanamutchule dzina. M'Gule Wamkulu muli zilombo zina zimene zimaonetsa khalidwe loipa kuti anthu aliseke ndi kulisiya. M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu wa ku Mozambique, Malawi ndi Zambia ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi.

Koma Gule Wamkulu ali ndi eni ake ndi zinsinsi zake. Sewero limene tikunena pano lilibe chinsinsi. Limachitika masana, pa bwalo, pansi pa mtengo kapena pa sukulu. Mnyamata alowa, mtsikana alowa. Aliyense amaona nkhope ya wosewera.

Mayi amene anaimirira

Pali mtundu wina wa sewero umene unabadwira m'ntchito yophunzitsa akuluakulu kuwerenga, monga ntchito yathu ino. Amene anauyambitsa ndi Augusto Boal. Iye anabadwa ku Brazil m'chaka cha 1931 ndipo anamwalira m'chaka cha 2009. Boma la asilikali linamumanga m'chaka cha 1971, kenaka anachoka m'dziko lake. M'chaka cha 1973 anali ku Peru, kuthandiza pa ntchito yothetsa umbuli pakati pa alimi ndi antchito.

Boal mwini anasimba zimene zinachitika tsiku lina kumeneko. Mayi wina anabwera ndi vuto lake. Mwamuna wake ankamutenga ndalama, nanena kuti akumanga nyumba kudera lina. Ankamupatsa mapepala kuti asunge, nati ndi mapepala a nyumbayo. Mayiyo sankadziwa kuwerenga. Tsiku lina anapempha mnansi kuti amuwerengere. Mapepalawo sanali a nyumba. Anali makalata achikondi ochokera kwa mkazi wina.

Osewera anaonetsa nkhaniyo pamaso pa anthu. Atafika pamene mwamuna akubwera kunyumba, anaima nafunsa kuti: "Mayi uyu achite chiyani?" Anthu ananena maganizo awo, ndipo osewera anayesa ganizo lililonse. Koma mayi wina pakati pa oonerera sanakhutire. Ankati osewera sakumvetsa zimene iye akunena. Pomaliza Boal anamupempha kuti abwere yekha adzaonetse. Mayiyo anaimirira, nalowa m'sewero, natenga malo a mkazi wonyengedwa uja. Anamugwira wosewera uja ndi mphamvu, namudzudzula koopsa, mpaka wosewerayo anachita mantha enieni.

Tsiku limenelo Boal anaphunzira chinthu chachikulu. Munthu wamba akhoza kulephera kufotokoza ganizo lake ndi mawu, koma akhoza kulionetsa. Woonerera sayenera kungokhala pansi. Ayenera kuimirira ndi kulowa. Njira imeneyi inatchedwa Teatro Fórum, ndiye kuti sewero la pa bwalo la zokambirana. Ndi mbali imodzi ya ntchito ya Boal yotchedwa Teatro do Oprimido, sewero la anthu oponderezedwa.

Njira imeneyi inafika kwathu kuno. M'chaka cha 2001 Alvim Cossa, ataphunzira ku Rio de Janeiro, anayambitsa ndi anzake gulu lotchedwa Grupo de Teatro do Oprimido ku Maputo. Gululi linaphunzitsa magulu a achinyamata m'zigawo zosiyanasiyana za dziko lathu. Iwo anasewera m'misika, m'masukulu ndi m'zipatala, makamaka pa nkhani ya matenda a Edzi, imene anthu ankachita manyazi kuikamba poyera.

M'mene sewero limayendera

Tiyerekeze kuti gulu la m'mudzi mwanu lasankha nkhani ya kukwatiwitsa ana. Nkhani imeneyi ndi yaikulu m'dziko lathu. Kafukufuku wa chaka cha 2011 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, amayi 48 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18.

Anthu asonkhana pa bwalo. Ng'oma yalira. Sewero layamba. Mtsikana wa zaka 14 akuchokera ku sukulu. Apeza bambo ake ndi atsibweni ake akukambirana ndi mlendo. Chaka chimenecho chimanga sichinachite bwino, ndipo mlendoyo wabweretsa ndalama. Mtsikana agwada nati: "Bambo, ine ndikufuna sukulu." Bambo ayankha: "Kodi sukulu tidya? Khala chete, akulu akulankhula." Mayi ake akulira, koma sakunena kanthu. Mtsikana atengedwa. Sewero latha pomwepo.

Taonani, sewero latha moipa. Achita dala. Tsopano atuluka mtsogoleri wa zokambirana. Pa Chipwitikizi amamutcha curinga. Iye afunsa kuti: "Kodi zimene mwaonazi zimachitika kuno? Kodi zatha bwino? Ndani akanatha kusintha nkhaniyi?"

Sewero liyambanso kachiwiri. Koma tsopano aliyense ali ndi ufulu wofuula kuti "Imani!" Wofuulayo adzuka, nalowa m'malo mwa mtsikana kapena m'malo mwa mayi, nayesa njira yake. Wosewera bambo sagonja msanga. Amaumirira monga m'mene bambo weniweni angaumirire. Njira imodzi ikalephera, munthu wina ayesa ina. Wina aitana aphunzitsi. Wina apita kwa amfumu. Wina akumbutsa bambo kuti kuyambira m'chaka cha 2019 pali lamulo, nambala 19/2019, loletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo wokwatira mwana ndi womukwatiwitsa akhoza kumangidwa. Wina anena za nambala ya lamya 116, imene mwana wovutika angaimbe osalipira.

Mtsogoleri sapereka yankho. Ntchito yake ndi kufunsa. Yankho limachokera kwa anthu eni mudzi.

Sewero limalimbitsa mtima

Ana athu timawaphunzitsa ulemu. Zimenezi ndi zabwino. Koma ulemu ndi mantha ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwana wamantha sangakane chinthu choipa. Sangafunse funso ku chipatala. Sangalankhule pa msonkhano. Akakula, ena adzamulankhulira, ndipo ena adzamunyenga.

Sewero limachotsa mantha pang'onopang'ono. Tsiku loyamba gulu silipatsa mwana mawu oti anene. Onse amayamba ndi timasewera toseketsa. Amayenda ngati nkhalamba. Amayenda ngati munthu wosenza mtolo wa nkhuni. Mmodzi amatseka maso, mnzake namutsogolera. Onse amaseka, ndipo palibe woseka mnzake yekha. Manyazi amayamba kutha.

Kenaka amaphunzira kupuma bwino ndi kutulutsa mawu. Pa bwalo palibe makina okweza mawu. Agogo amene akhala kumbuyo ayenera kumva. Choncho mwana amaphunzira kuimirira mowongoka, kudzutsa mutu ndi kutchula mawu momveka.

Pali chinthu chinanso. M'sewero mwana salankhula ngati iye mwini. Amalankhula ngati munthu wina. Mtsikana amene sangayankhe bambo ake kunyumba akhoza kuyankha bambo wa m'sewero. Amanena mawu akuti "Sindikufuna" kakhumi pokonzekera, kenaka amawanena pamaso pa mudzi wonse. Tsiku limene adzafunike kuwanena pa moyo wake, mawuwo sadzakhala achilendo m'kamwa mwake. Msilikali amaphunzira asanapite kunkhondo. Sewero ndi malo oyeserera moyo popanda kuvulala.

Sewero limamanga umodzi

Mutu umodzi susenza denga. Munthu mmodzinso sapanga sewero. Pafunika osewera, woimba ng'oma, wosunga zovala, wosesa pa bwalo ndi woitana anthu. Mwana amene sakonda kulankhula ali nayo ntchito yake. Mmodzi akajomba, onse amaima. Motero mwana amadziwa kuti anzake akumudalira. Amaphunzira kusunga nthawi ndi kusunga lonjezo.

Nkhani ya sewero sichokera m'buku lakutali. Achinyamata amakhala pansi, aliyense nasimba chimene chikumuvuta. Uyu anena za mowa wa bambo ake. Uyo anena za mjigo wowonongeka. Wina anena za mlongo wake amene anasiya sukulu. Pamenepo amazindikira kuti vuto limene ankaliyesa lawo lokha lili m'nyumba zambiri. Vuto la munthu mmodzi limabisika. Vuto la anthu ambiri limafunidwa mankhwala.

M'sewero anthu amasinthananso malo. Mnyamata amavala nsalu, nabereka mwana kumbuyo, nasenza ndowa. Anthu amaseka, koma iye amamva kulemera kwa ntchito ya amayi ake. Mtsikana amakhala pa mpando wa mfumu naweruza mlandu. Mwana amene wasewera bambo wosauka amamvetsa chimene chimavutitsa bambo wake. Samudanso, koma amafuna njira yolankhula naye.

Sewero ndi kuwerenga zimayendera limodzi

Pamene tinalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu oposa 90 mwa 100 alionse sankadziwa kuwerenga ndi kulemba. Atsamunda anatisiya mu mdima. M'chaka cha 1978 dziko lathu linayamba ntchito yaikulu yophunzitsa akuluakulu. Nkhondo yolimbana ndi umbuli sinathe mpaka lero.

Kumbukirani mayi wa ku Peru uja. Ananyengedwa chifukwa sankadziwa zimene zinali pa pepala. Koma kudziwa kuwerenga kokha sikukwanira. Munthu akawerenga lamulo, afunikanso kulimba mtima kuti alinene pamaso pa anthu. Kuwerenga kumatsegula maso. Sewero limatsegula pakamwa.

Gulu la sewero limafuna mlembi. Iye amalemba maina a osewera, masiku okumana ndi ndondomeko ya nkhani. Inu amene mukuphunzira kulemba mukhoza kugwira ntchito imeneyi.

Ntchito ya makolo

Nkhawa za makolo si zachabe. Kumunda kuli ntchito. Usiku uli ndi zoopsa zake, makamaka kwa atsikana. Akulu ena amaopa kuti ana adzawanyoza poyera. Ndiye chifukwa chake gulu labwino limakhala ndi malamulo. Nawa ena amene makolo ndi achinyamata angagwirizane:

1. Gulu lizikumana masana, pamalo poonekera, ntchito ya kumunda ndi ya kusukulu itatha.
2. Pakhale akulu awiri odalirika, mayi ndi bambo, oyang'anira gulu.
3. Amfumu adziwitsidwe sewero lisanachitike, ndipo aitanidwe.
4. M'sewero asatchule dzina la munthu wa m'mudzi, ndipo asatengere mayendedwe ake kuti anthu amuzindikire. Sewero limadzudzula khalidwe. Silinyoza munthu.
5. Chinsinsi chimene mwana wasimba m'gulu chisatuluke kunja. Koma ngati mwana ali pangozi, akulu oyang'anira amuthandize msanga.
6. Atsikana ndi anyamata apatsidwe mbali zofanana.

Sewero silidzaza nkhokwe. Silimanga sukulu. Vuto limene laoneka pa bwalo limafuna kuti akulu achitepo kanthu mawa lake. Ngati anthu aombera m'manja nabwerera kwawo osasintha kanthu, ana adzagwa mphwayi.

Choncho, abale ndi alongo, mwana wanu akapempha kulowa gulu la sewero, pitani mukaone kumene akukumana. Funsani malamulo awo. Mukakhutira, muloleni. Tsiku la sewero pitani mukakhale kutsogolo. Mtsogoleri akafunsa funso, musangoyang'ana pansi. Fuulani kuti "Imani!" ndipo lowani pa bwalo. Mwana akaona mayi ake kapena bambo ake akulankhula poyera, iyenso adzalankhula.

Mawu oti tiphunzire kulemba

sewero, bwalo, gulu, mantha, ulemu, umodzi, lamulo

Mafunso oti tikambirane

1. Kodi mayi wa ku Peru ananyengedwa bwanji?
2. N'chifukwa chiyani sewero la pa bwalo limatha moipa poyamba?
3. Kodi ulemu umasiyana bwanji ndi mantha?
4. Kodi lamulo la chaka cha 2019 limaletsa chiyani?
5. Ndi vuto liti la m'mudzi mwathu limene achinyamata angalionetse m'sewero? Lembani dzina la vutolo m'kope mwanu.