MWANA AKABVULAZA MUNTHU, ALIPIRA NDANI?

Nkhani yathu ya lero ndi ya mlandu umene ungagwere nyumba iri yonse m'mene muli ana, ngakhale nyumba ya anthu ofatsa ndi opemphera. Mwana wamng'ono wabvulaza munthu. Kapena waponya mwala nalasa mnzace m'diso, kapena wamkankhira pa mbaula ya moto alikusewera. Mwazi watayika, ku cipatala afuna ndarama, ndipo anansi amene dzulo anali kupatsana mcere lero sapatsana ngakhale moni. Kodi mlandu wotere ngwa yani?

Ena ayankha msanga kuti, "Ngwa atate wace, nanga ungakhale wa yani?" Ena ati, "Iai, mwana alibe mlandu, imeneyo ndi ngozi cabe." Onse awiri anena zoona, koma zoona za mbali imodzi. Cobvuta ncakuti munthu wa kwathu wokhala ku Chitungwiza ali pansi pa malamulo atatu nthawi imodzi: lamulo la Boma, mwambo wa eni dziko Ashona, ndi mwambo wa makolo athu umene unabwera m'mitima ya agogo pocokera ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete, ambiri a iwo m'zaka za Citaganya, 1953 mpaka 1963. Malamulo atatuwa safunsa funso limodzi.

Tiyambe taona malo ace. Chitungwiza inapangidwa mu 1978 polumikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo pa kalembera wa 2022 anawerengamo anthu oposa 370,000. Yendani m'misewu ya ku Zengeza 2 dzuwa likapendeka: nyumba zayandikana, pa nyumba imodzi pakhala mabanja atatu kapena anai a lendi, ndipo bwalo la ana ndi msewu womwewo. Amai apita kukagulitsa ku Chikwanha, atate ali ku nchito ku Harare kapena ku Johannesburg, ndipo wosunga ana ndi agogo okalamba kapena mwana mnzao wa zaka 10. Pa malo otere ncosadabwitsa kuti mwala wa legeni, umene kumudzi ukadagwera m'thengo, upeza mutu wa munthu.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu ambiri azisokoneza. Kulangidwa ndi Boma ndi nkhani ina, kulipira wobvulalayo ndi nkhani inanso. Pa za cilango, lamulo la mirandu ya upandu la Zimbabwe, lopangidwa mu 2004 ndi kuyamba kugwira nchito mu 2006, linalemba poyera kuti mwana wosakwana zaka 7 sangazengedwe mlandu ngakhale pang'ono. Za mwana wa zaka 7 kufikira 14 linati bwalo liyambe lamuyesa wosadziwa cimene anacita, kufikira woimira Boma atatsimikiza kuti anadziwa kuipa kwace ndipo akadatha kudziletsa. Maiko ena oyandikana nafe anakweza msinkhu umenewu: South Africa ndi Zambia onse anaufikitsa pa zaka 12 m'caka ca 2022. Tsono inu amai amene muthamangira ku polisi kuti akatsekere kamwana ka zaka 5, dziwani kuti apolisi adzalemba nkhani yanu, koma kamwanako sadzakatenga. Ndiponso atate wace sangamangidwe m'malo mwa mwana, pakuti Boma sililanga munthu pa colakwa ca wina.

Koma cironda ciripo ndithu, ndipo mankhwala agulidwa ndi ndarama. Apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni.

Lamulo la Boma pa za kulipirana linacokera kwa Aroma ndi Adachi, ndipo linafika kuno kudzera ku Cape. Lamulo limeneli linena cinthu cimene cidabwitsa ali yense wocimva koyamba, cakuti kubala kokha sikusenzetsa munthu ngongole ya mwana wace. Woweruza safunsa kuti, "Mwana uyu ngwa yani?" Afunsa kuti, "Kodi pali munthu wamkulu amene analekerera?" Ngati mwana anatola mwala pa msewu naponya mwadzidzidzi, amace ali m'nyumba kuphika monga acita mai ali yense, wobvulalayo angathe kucoka pa bwalo cimanjamanja. Mwanayo sangalipire cifukwa alibe nzeru za mlandu, ndipo makolo sanalakwe kanthu. Cimene cisekesa pang'ono ndi ici: m'lamulo lomwelo, garu wanu akaluma munthu wosamputa, mulipira ndinu mwini garu ngakhale munasamala cotani. Garu ali ndi mwini pa maso pa lamulo, koma mwana ayesedwa munthu payekha, wosati ciweto ca atate wace.

Nanga kulekerera nkutani? Ndi kusiya cinthu coopsa pamene mwana angacifikire, monga mfuti, mpeni, petulo, mankhwala a makoswe kapena makiyi a galimoto. Ndi kudziwa kuti mwana wanu azolowera kuluma kapena kugenda anzace, anthu nakuuzani kawiri katatu, inu osacitapo kanthu. Ndi kuimirira pa khomo muli kuona ndeu, osaleretsa. Ndiponso mukatuma mwana nchito yanu, monga kukankha ngolo ya katundu kunka nayo ku msika, iye nagunda munthu, mlandu ubwera kwa inu cifukwa anali dzanja lanu. Ndipo funso limeneli silifunsidwa kwa makolo okha iai. Lifunsidwa kwa ali yense amene mwanayo anali m'manja mwace nthawi imeneyo, kaya mphunzitsi, kaya wosunga ana pa sukulu ya mkaka.

Mirandu iwiri ya ku England ionetsa bwino malire ace, ndipo ndi yothandiza cifukwa mabwalo a ku Malawi ndi ku Zambia atsata lamulo la Cingerezi, limene pa mfundo iyi lifanana ndi la kuno. Mu 1916, pa mlandu wa Bebee ndi Sales, mnyamata wa zaka 15 anaswa zenera la mnansi ndi mfuti ya mpweya. Atate wace anauzidwa, koma anamsiyira mfutiyo. Pambuyo pace mnyamatayo analasa mnzace m'diso, ndipo bwalo linati atate alipire, cifukwa zenera lija linali cenjezo. Mu 1952, pa mlandu wa Donaldson ndi McNiven, mnyamata wa zaka 13 anapatsidwa mfuti yotere atalonjeza kuti adzaombera m'cipinda ca pansi pa nyumba mokha. Iye anaswa lonjezo, naturuka nayo, nabvulaza mwana wa zaka 5. Bwalo linati atate alibe mlandu, cifukwa anacita zimene kholo lanzeru likadacita. Ine ndiganiza kuti agogo athu akadamva ciweruzo caciwirici akadapukusa mitu. Kodi mwana wobvulalayo anapepukidwa cifukwa ca lonjezo limene iye sanalimve?

Mwambo sufunsa za lonjezo. Kwa Ashona mwana ndi wa mtundu wa atate wace, ndipo cimene mwana waononga alipira ndi atate kapena mkulu wa banja, monga momwe mwini mbuzi alipira cimanga cimene mbuzi yadya. Iwo ati kuripa, liu limene liri pa cibale ndi kulipira kwathu. Cenjerani ndi liu lina: ife tikati ngozi tinena tsoka logwa mwadzidzidzi, koma Mshona akati ngozi anena mzimu wa munthu wophedwa umene usautsa banja lonse la womuphayo kufikira litalipira. Cotero mukaima pa khomo la mnansi amene mwana wace ali kayakaya m'cipatala, musafulumire kunena kuti "ndi ngozi cabe", pakuti mau amenewo m'makutu mwace alemera koposa m'kamwa mwanu.

Mphamvu ya mwambo umenewu inaoneka ku Gokwe. Lamulo la 1982 linati munthu akakwana zaka 18 adziyankhira yekha pa bwalo. Komabe mnyamata wina ataphedwa kumeneko mu 2009, abale ace anakana kuika maliro, ndipo mtembo unakhala m'nyumba ya cisanu zaka zoposa ziwiri. Mmodzi wa opha aja anali mwana wa bwanamkubwa wa cigawo ca Midlands. Bwalo lalikuru linatsekera olakwawo m'ndende, koma maliro anaikidwa mu 2011 atate uja atapereka ng'ombe ndi ndarama. Ngati mwambo unagwira munthu waudindo wotere pa colakwa ca mwana wandebvu, kodi udzamleka munthu wamba pa colakwa ca mwana wa m'manja? Cinthu cimodzi ca mwambo wakale Boma linaletsa kotheratu: kupereka mtsikana monga dipo la mlandu. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 linaciyesa mlandu wa ndende.

Tsono tifike pa ife eni. Kwa Acewa, Amang'anja ndi Ayao mwana ndi wa mbumba ya amace. Mkamwini ndi mlendo pa mudzi. Mwana akapalamula, woimirira pa bwalo la mfumu ndi mwini mbumba, ndiye malume wace, mlongo wa amace. Ndiye apepesa, ndiye afuna nkhuku kapena mbuzi ya dipo. Kumudzi dongosolo limeneli linayenda bwino, cifukwa malume anali pafupi ndipo munda unali wa mbumba. Koma ku Zengeza 2 malume ali kuti? Ali ku Dedza kapena ku Angonia, kapena anamwalira kale pa mgodi wina, ndipo mwanayo sanaonepo nkhope yace. Apa ndi pamene ena a ife acita cinthu cocititsa manyazi. Mnansi akabwera ndi mlandu, mwamuna ati, "Kwathu mwana ngwa kucikazi, funsani alamu anga." Akafika pa bwalo la Boma ati, "Lamulo linena kuti kholo lilibe mlandu." Munthu wotere atola mwambo pamene umpulumutsa, nautaya pamene umdyera ndarama. Mwambo wa makolo sunati mlandu usowe mwini. Unachula mwini wace, ndipo kumene malume kulibe, udindo wace utsala ndi amene adyetsa mwanayo ndi kumlembetsa sukulu m'dzina lace.

Kodi woweruza adzatsata lamulo liti? Lamulo la 1990 la mwambo ndi mabwalo a mafumu lilola kuti mlandu wa kulipirana uweruzidwe mwa mwambo ngati eni ace agwirizana cotero, kapena ngati bwalo liona kuti nkoyenera, litayang'ana makhalidwe a anthuwo, mtundu wa mlandu, ndi lamulo limene iwo alimvetsa bwino. Ndiye kuti kholo lisadzitame msanga kuti lamulo la Aroma lalimasula. Ndipo abale athu a ku Tete ndi ku Niassa adziwe kuti kwao zinthu ziri mozondoka: lamulo limene Mozambique inalandira kwa Apwitikizi, lolembedwa mu 1966, liyamba ndi kuyesa wosunga mwana wolakwa, ndipo ndi iye ayenera kuonetsa kuti anayang'anira bwino.

Nanga tsikulo likafika, mucite ciani? Inu a mwana wopalamula, musadikire kuti akupezeni. Thandizani kunyamula wobvulalayo kunka naye ku kiliniki kapena ku Chitungwiza Central Hospital, ndipo ndarama yoyamba ya mankhwala icoke m'thumba mwanu. Madzulo ace pitani ku nyumba yao, koma musapite nokha. Tengani munthu wamkulu, kaya mkulu wa mpingo, kaya wapampando wa bungwe lanu la maliro, kuti akhale nkhoswe pakati panu, pakuti munthu wa mtima wowawa samva bwino mau ocokera kwa mwini mlandu. Musayambe ndi kufunsa kuti anaputa mnzace ndani. Ndiponso musamkwapule mwana wanu pa maso pa anthu kuti muonetse cisoni. Mkwapulo suciza diso la mnzace, ndipo mukampweteka mudzakhala ndi mlandu wanuwanu.

Inu a mwana wobvulala, sungani kalata ya dotolo ndi malisiti onse, ngakhale a kombi. Bwalo liwerenga zimene munaononga pa mankhwala, ululu umene mwana wamva, ndi cilema cimene cidzamcepetsera nchito akadzakula, koma siliwerenga mkwiyo wanu. Musachule mtengo tsiku loyamba. Bala la m'diso kapena la m'mutu nthawi zina lionetsa kukula kwace patapita miyezi, ndipo amene analandira ndarama pang'ono nanena kuti "zatha" abvutika kubwereranso. Makolo anati mlandu suola, koma pa bwalo la Boma uola: ngongole ya mtundu uwu ifafanizika zikapita zaka 3, ngakhale kuti lamulo lipatsa nthawi yoonjezera ngati wobvulalayo ndi mwana. Wosowa ndarama ya loya angathe kukapempha thandizo ku Legal Aid Directorate, ofesi ya Boma yoimira osauka pa mirandu.

Mukagwirizana pa nyumba, lembani pa pepala: ndarama zingati, zoperekedwa mwezi uti ndi uti, ndiponso ngati dotolo adzafunanso zina, adzalipira ndani. Mabanja onse awiri asaine, pamodzi ndi mboni ziwiri zosakhala za banja, ndipo ali yense asunge pepala lace. Ngati malume a mwanayo ali moyo ku Malawi, aimbireni lamya muwauze zimene mwagwirizana, kuti ngati ali nako kanthu atumize gawo lao.