Mabuku a Mbala ndi Matsenga Amene Ana Athu Awerenga

 Nkhani yathu ya lero iri ya mabuku.

Tiyerekeze kuti bambo waweruka ku nchito, wafika pakhomo, ndipo wapeza mwana wace wamkazi ali cete pa buku la Cingelezi, nsima iri kuzirala pambali. Bambo afunsa kuti, "Mwanawe, muli ciani m'bukumo?" Mwana ayankha kuti, "Atate, muli anyamata ndi atsikana amene ali kupangana za kuthyola ndende ya mfumu, ndipo mmodzi wa iwo ali ndi matsenga." Pamenepo bambo agwidwa ndi nkhawa, ndipo sitingamdzudzule. Kuba ndi matsenga ndizo zinthu ziwiri zimene tiopa koposa, pakuti cina cigonetsa munthu m'ndende, ndipo cinzace cidanitsa anthu a mimba imodzi. Kodi tsono alande bukulo ndi kuliponya pamoto? Tisanayankhe, tiyeni tiyambe taona m'kati mwace.

Kumene zicokera nthanozi

Mabuku a mtundu uwu alembedwa makamaka ku America ndi ku Ulaya, ndipo acuruka kwambiri m'zaka za pambuyo pa 2000. Olemba ace alembera anyamata ndi atsikana a msinkhu wa ku sekondale. Ziri nthano zopeka, za maiko amene kulibe, kumene anthu ena abadwa ndi mphamvu zodabwitsa. Koma mbala yocenjera siinayambe lero kukhala m'nthano. Aluya ali naye Ali Baba amene anapeza phanga la mbala 40, ndipo a ku England ali naye Robin Hood wolanda olemera ndi kugawira osauka. M'buku lochuka la J. R. R. Tolkien lochedwa The Hobbit, la caka ca 1937, kamunthu kofatsa dzina lace Bilbo kalembedwa nchito ya umbala ndi akafupi 13, a mtundu wa okumba migodi, kuti kakawathandize kutenganso cuma ca makolo ao cimene cinjoka cinalanda.

Ifenso tiri naye wathu. Ndani mwa inu sanamve kwa ambuye ace za caka ca cilala, pamene nyama zonse zinakumba citsime koma Kalulu anakana kukumba nao? Nyama zinaika mlonda. Kalulu anadza ndi uci, nanyenga mlondayo kuti ucio ulawidwa ndi womangidwa yekha, nammanga, namwa madzi ndi kusambamo. Anatero ndi Fisi, anateronso ndi Mkango, kufikira Kamba anamgwira ndi ulimbo wa pamsana pace. Taonani zimene ziri m'nthanoyi: cinthu cosungidwa, mlonda wamphamvu, wamng'ono wa nzeru, ndi mlandu pa mapeto pace. Zomwezi ndizo mizati ya mabuku amene tiri kunena. Olemba a tsopano angoonjezapo zinthu ziwiri, ndizo gulu la anzace a Kalulu, ndi matsenga okhala ndi malamulo.

Gulu la anthu 6

Citsanzo codziwika koposa ndi buku la Six of Crows, lolembedwa ndi mai Leigh Bardugo wa ku America, limene linaturuka m'caka ca 2015, ndipo linzace lotsiriza nkhaniyo, Crooked Kingdom, linatsata mu 2016. Dzinalo linena za akhwangwala 6. Ana ambiri anayamba kudziwa anthu a m'bukumo pa zithunzi za Netflix zochedwa Shadow and Bone, zimene zinayamba mu 2021 ndi kulekeka mu 2023.

Nkhani iyambira m'mzinda wa malonda wa pa doko wochedwa Ketterdam, umene wolemba anaupanga mofanizira Amsterdam. Munthu wa malonda wolemera, Jan Van Eck, aitana mnyamata wa zaka 17, Kaz Brekker, mtsogoleri wa gulu la m'makwalala. Amlonjeza ndarama za kumeneko mamiliyoni 30 ngati akaturutsa sing'anga wina wa nzeru m'linga la Ice Court, ku dziko la cisanu la Fjerda, linga limene silinathyoledwepo ndi kale lonse.

Kaz sangathe yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Asankha anzace 5, yense ndi nchito yace. Inej ndiye mtsikana wodziwa kukwera makoma ndi kuyenda pa cingwe wosamveka mapazi. Jesper ndiye katswiri wa mfuti, koma njuga yamlowetsa m'ngongole. Wylan adziwa kusanganiza mankhwala ophulitsira. Nina ali ndi mphamvu ya kucedwetsa mtima wa munthu kuti akomoke. Matthias anali msilikari wa m'linga lomwelo, wophunzitsidwa kusaka anthu onga Nina, ndipo ndiye adziwa zipata zace.

Inu a pansi pa mgodi mudziwa bwino za gulu lotere. Woboola thanthwe adalira woika mizati, wopakira miyala adalira wophulitsa, ndipo onsewo adalira munthu wosaoneka amene ayendetsa makina owatsitsa ndi kuwakweza. Mungakhale a mitundu yosiyana, mwina osakondana nkomwe, koma wina akacita ulesi onse aphwetekwa. Cimene cigwira mtima wa mwana powerenga ndico comweci: kuona anthu osakhulupirirana ali kuphunzira kuika moyo wao m'manja mwa anzao.

Nkhani zotere ziyenda m'njira imodzi. Poyamba wowerenga aonetsedwa linga ndi zoopsa zace zonse, makoma, alonda, mabelu ndi milatho. Kenaka auzidwa upo wa gululo. Atalowa m'kati, upo uja uonongeka, ndipo yense ayenera kuganiza msanga. Potsiriza cioneka kuti mtsogoleri anali ndi upo wina umene anabisa kwa anzace ndi kwa wowerenga yemwe. Cifukwa cace mwana sagona msanga: ali kupikisana nzeru ndi wolemba, monga acitira anthu awiri pa nsolo.

Matsenga okhala ndi malamulo

Tsopano tifike pa cimene cibvuta makolo ambiri. Kwathu kuno tikamva za matsenga tiganiza za ufiti, nchito ya usiku, ya kaduka, yopweteka abale m'tseri. Matsenga a m'mabuku awa ali a mtundu wina. Ali ngati luso kapena umisiri, ndipo mulibe mau kapena mizu imene mwana angatole ndi kuyesa. Wolemba ayenera kuwaikira malire, cifukwa munthu wa matsenga akakhala wokhoza zonse angolowa m'linga ndi kuturuka, ndipo nkhani yathera pa tsamba loyamba. Brandon Sanderson, wolemba wina wa ku America, analongosola mu 2007 kuti wolemba ayenera kuthetsa mabvuto ndi matsenga monga mwa muyeso umene wowerenga awamvetsa, osapitirira apo.

Buku lace la iye mwini, Mistborn, la caka ca 2006, liyenera kukondweretsa anthu a ku migodi. Poyamba linalembedwera akulu, koma anyamata analikonda kotero kuti linasindikizidwanso m'maonekedwe oyenera iwo. M'dziko la m'bukumo phulusa ligwa ngati mvula, ndipo mfumu imodzi yalamulira zaka 1,000, anthu wamba ali akapolo. Mphamvu zicokera m'zitsulo. Munthu wobadwa ndi mphatsoyo ameza tizidutswa ta citsulo, ndipo citsulo ciri conse cimpatsa mphamvu imodzi yokha. Cina cimkhozetsa kukoka zitsulo ziri pafupi, cina kuzikankha. Tini anola maso ndi makutu. Mkuwa, umene inu mukumba, ubisa gululo kuti osaka a mfumu asamve kuti pali matsenga pafupi. Citsulo cikatha m'mimba, mphamvu yathanso. Mtsogoleri wa mbalazo, Kelsier, anali wandende m'mgodi wa mfumu, kumene munthu wosapeza mwala wofunikawo pa masiku 7 anaphedwa, ndipo mikono yace iri ndi zipsera za m'ming'alu ya thanthwe. Wophunzira wace ndi mtsikana wa m'makwalala wa zaka 16, dzina lace Vin.

Mai Holly Black, m'buku la White Cat la 2010, aika lamulo lina. Kumeneko matsenga apita mwa kukhudza ndi dzanja, cotero anthu onse abvala magolovesi, ndipo boma laletsa nchitoyo, motero yagwera m'manja mwa mabanja a zigawenga. Koma wocita matsenga alipira ndi thupi lace. Wocotsa cikumbukiro ca mnzace ataya cina ca iye mwini, ndipo wakupha ndi dzanja aona cala cace ciri kuda ndi kufa. Mwa Six of Crows muli mankhwala okulitsa mphamvu, koma wowalawa kamodzi akhala kapolo wace. Nina awamwa kuti apulumutse anzace, ndipo asauka nao nthawi yaitali. Mwana wowerenga izi aphunzira kuti palibe mphamvu ya ulere.

Kodi mbala yeniyeni ndani?

Funso lalikulu la mabuku awa ndi ili. Tikafufuza mbiri ya ana a m'gulu la Kaz, tipeza kuti asanabe kanthu, iwo anayamba aberedwa. Kaz anafika m'mzinda ali kamwana ka ku midzi pamodzi ndi mkulu wace Jordie. Munthu wooneka waulemu anawanyenga ndarama zonse za munda wa atate ao, nawasiya m'makwalala, kumene mliri unapha Jordie. Inej anagwidwa ndi ogula akapolo ali ndi zaka 14, nagulitsidwa ku nyumba ya dama. Wylan anakanidwa ndi atate ace, Van Eck yemwe uja, cifukwa sanathe kuwerenga, cinkana anali wa nzeru pa masamu ndi nyimbo. Ndipo atatha nchito yoopsayo, wolemera uja awamana ndarama zimene analonjeza. Munthu ali yense amene anadza ku tauni ndi katundu pamutu, nakomana ndi acinyengo pa siteshoni, adzazindikira nkhani iyi. Wolemba afuna kuti mwana aone kuti pali mbala zothyola mazenera, ndipo palinso mbala zobvala bwino zimene ziba ndi pepala ndi cidindo.

Komabe olemba abwino sanena kuti kuba kulibe mlandu. Kaz ndi mnyamata wouma mtima, wosatha ngakhale kugwirana canza ndi munthu cifukwa ca zimene anaziona pa mliri uja. Ayenda cotsimphina ndi ndodo, monga wolemba wace amene ali ndi nthenda ya mafupa. Pa mapeto a buku laciwiri mmodzi wa anthu 6 aja sabwerera wamoyo. M'buku la Artemis Fowl la 2001, lolembedwa ndi Eoin Colfer wa ku Ireland amene anali mphunzitsi, mnyamata wa zaka 12 agwira msilikari wamkazi wa anthu a matsenga okhala pansi pa nthaka, nafuna dipo la tani imodzi ya golide. Golideyo alandira, koma abwezanso theka lace kuti amai ace odwala mutu aciritsidwe. Cimene anafunitsa sicinali golide.

Cimene kholo lingacite

Tsono tibwerere kwa bambo uja tinamsiya pakhomo. Sindinena kuti mabuku onsewa ayenera mwana ali yense, iai. Artemis Fowl angawerenge mwana wa zaka 11 kapena 12. Koma Six of Crows ndi Mistborn ali ndi kuphana, nkhanza ndi za ukapolo wa atsikana, ndipo ayenera amene apsa m'maganizo, a ku sekondale. Kusankha msinkhu ndi nchito ya kholo ndi mphunzitsi.

Koma kutentha buku sikuthandiza, pakuti mwana adzabwereka lina kwa mnzace ndi kuliwerenga kuseri kwa nyumba. Ambuye athu sanatibisire za Kalulu poopa kuti tidzaba madzi a pa citsime. Anatisimbira pa moto, ndipo atatha anatifunsa cimene tatolapo. Inunso, bambo, khalani pansi mutasamba, ndipo nenani, "Mwananga, tandisimbira." Mumfunse mafunso atatu. Kodi anthuwa ali kubera yani, ndipo cifukwa ninji? Kodi ataya ciani pofuna cimene afunaco? Kodi iwe ukadakhala pamenepo ukadatani? Mwana wokhoza kuyankha mafunso awa wawerenga masamba 400 a Cingelezi mwa kufuna kwace, wopanda mkwapulo, ndipo waphunzira kuyesa mlandu mbali zonse ziwiri. Akalephera kuyankha, nangotama mipeni ndi ndarama, pamenepo mwadziwa poyambira kumlangiza.

Ndipo iye atatha kusimba zace, inunso mumsimbire za Kalulu ndi Kamba m'cinenero cathu, kuti adziwe kuti nthano imene waipeza m'buku la kutali inali kale pakhomo pa ambuye ace. Gonani bwino nonsenu.