Kodi Nkhani za pa Wailesi Zimachokera Kuti?

Ana inu, madzulo akulu akakhala chete kuzungulira wailesi n'kumati "Shii, nthawi ya nkhani!", kodi munadzifunsapo kuti nkhanizo amazitenga kuti? Pali munthu amene amayenda tsiku lonse kuzifunafuna, ndipo dzina lake ndi mtolankhani. Ntchito imeneyi amachita kuiphunzira kusukulu. Ku Blantyre kuli sukulu ya Malawi Institute of Journalism, imene ambiri amangoti MIJ, ndipo ili ndi wailesi yakeyake ya MIJ FM. Ena amaphunzira ku MUBAS, yomwe kale inkatchedwa Polytechnic. Lero tiyeni titsatire mchemwali wina wophunzira utolankhani, tione mmene tsiku lake limathera.

Tambala akamalira, iye wadzuka kale. Akumwa tiyi khutu lili pa wailesi, chifukwa aphunzitsi ake amakonda kufunsa akangolowa m'kalasi kuti, "Nkhani yaikulu lero ndi iti?" Akalowa mu minibasi sagona. Amatchera khutu. Lero amayi awiri a pampando wakumbuyo akudandaula kuti matimati adula ku Limbe. Mchemwali uja akutulutsa kope m'chikwama n'kulemba mawu awiri: matimati, Limbe.

M'kalasi aphunzitsi alemba mafunso 6 pa bolodi: Ndani? Chiyani? Liti? Kuti? Chifukwa chiyani? Motani? Mafunso amenewa ali ngati mafuwa a nkhani. Fuwa limodzi likasowa, mphika umapendekeka. Mchemwali uja atafotokoza zimene anamva mu minibasi, aphunzitsi akupukusa mutu akumwetulira. "Zimenezo ndi za akuti akuti. Pita ukadzionere wekha, ndipo nkhaniyo ifike pano isanakwane 4 koloko."

Bwanji osangolemba zimene anamva? Makolo athu anati kandimverere adakanena za m'maluwa. Nkhani ikamadutsa pakamwa pa anthu ambiri imasintha panjira. Mbuzi imodzi yosochera imafika kumudzi wachitatu itasanduka ng'ombe khumi zobedwa! N'chifukwa chake mtolankhani amapita yekha pamalopo.

Dzuwa lili paliwombo, wafika mu msika wa Limbe. Fungo la usipa ndi la tchipisi cha pachiwaya likumulandira, anyamata onyamula katundu akukuwa kuti apatsidwe njira. Iye akuwerama pafupi ndi mayi wina amene wayala matimati pa thumba.

"Mwaswera bwanji, mayi? Ine ndine wophunzira utolankhani. Mungandilole ndikufunseni za malonda anuwa?"

"Funsa, mwanangu, koma usandithamangitsire ogula."

Mwaona zimene wachita? Wapereka moni, wanena kuti iye ndani, wapempha chilolezo. Asanajambule mawu pa foni yake wapemphanso. Mayi aja akumuonetsa mulu: mwezi watha unkakhala wa matimati asanu, lero ndi atatu, mtengo ndi womwewo. Akuti mvula yawononga matimati m'madimba ndipo kokapikula akuwagula modula. Mchemwali uja akufunsa dzina lawo ndi kalembedwe kake, chilembo ndi chilembo, pakuti dzina la munthu silolemba mongoganizira.

Koma sanathe. Mawu a munthu mmodzi sakwana. Akufunsanso wogulitsa wina, kenaka bambo amene wabwera kudzagula ndiwo, kenaka akuimbira foni mlangizi wa zaulimi kuti afotokoze chimene mvula yambiri imachita ku matimati. Bambo wina wamukanira, "Ine zolankhula pa wailesi ayi." Iye wathokoza n'kupitirira. Munthu ali ndi ufulu wokana.

Nthawi yathamanga, njala yamupweteka, wangodya zitumbuwa ziwiri ali chiimire. Wabwerera kusukulu thukuta lili kamukamu n'kukhala pa kompyuta. Apa pali chinsinsi china. Agogo akamakamba nthano, zokoma amazisungira kumapeto. Mtolankhani amatembenuza: mfundo yaikulu amaiika pa chiganizo choyamba penipeni, kuti ngakhale womvera wothamangira basi adziwe chachitika. Aphunzitsi, amene lero akugwira ntchito ya mkonzi, atenga cholembera chofiira n'kudula mawu osafunika. Akumufunsa, "Ichi wakuuza ndani?" Iye akutsegula kope lija n'kuloza dzina.

Kenaka akulowa mu situdiyo, kachipinda kotchinga bwino kuti phokoso la panja lisalowe. Wavala zomvera kumakutu, maikolofoni ili pafupi ndi pakamwa. Kagetsi kofiira kakayaka, aliyense amati zii. Mtima ukugunda, koma akuwerenga modekha. Nkhani imene wavutikira tsiku lonse yatha m'mphindi imodzi yokha.

Mwina mukuti, kuvutika konseko chifukwa cha matimati? Inde, chifukwa amene lero waphunzira kunena zoona pa mulu wa matimati, mawa adzanena zoona pa mankhwala a m'chipatala, pa chisankho ndi pa madzi osefukira. Anthu amamvera MBC, yomwe inayamba mu 1964, kapena Zodiak, yomwe inayamba mu 2005, ndipo amawerenga The Nation kapena The Daily Times, akukhulupirira kuti wina wafufuza kale m'malo mwawo. Malamulo aakulu a dziko la Malawi amateteza ufulu wa atolankhani, ndipo pa 3 Meyi chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira ufulu umenewu.

Nanunso mungayambe lero. Tengani kope ndi pensulo, khalani pansi mwaulemu pafupi ndi agogo, muwafunse za tsiku lawo loyamba kusukulu kapena za ulendo wawo woyamba pa basi. Gwiritsani ntchito mafunso 6 aja, ndipo musaope kufunsanso pamene simunamvetse. Paja safunsa adadya phula. Mukalemba, muwawerengere agogowo, kenaka muwafunse kuti, "Agogo, kodi ndalemba monga munanenera?"