"Pata Pata": Nyimbo ya Mayi Makeba Imene Inakwera M'sika wa ku America

Awerengi athu ambiri, makamaka aphunzitsi ndi a ntchito za boma amene anakula pamene galamafoni inali chuma cha pakhomo, akuidziwa bwino nyimbo ya "Pata Pata". Koma si onse amene adziwa m'mene inayendera m'sika wa Azungu, ndi zimene zinagwera mwini wake pambuyo pake.

Mayi Miriam Makeba anabadwira ku Johannesburg m'chaka cha 1932, ndipo nyimboyi anayamba kuiyimba kwawo komweko m'zaka za m'ma 1950. Mawu ake ndi a Chixhosa, onena za gule wa m'makomboni amene ovina ake amakhudzana. M'chaka cha 1967 anaijambulanso ku America mothandizidwa ndi Bambo Jerry Ragovoy, ndipo kampani ya Reprise, imene anaiyambitsa Bambo Frank Sinatra, ndiyo inatulutsa mbale yake. Anawonjezeramo mawu pang'ono a Chingerezi ofotokoza za guleyo, kuti Mzungu asasochere.

Tsono ku America kuli nyuzipepala yotchedwa Billboard, imene sabata ndi sabata imasindikiza mndandanda wa nyimbo 100 zopambana. Masiku amenewo ankawerenga kuchuluka kwa mbale zogulidwa m'masitolo, ndi kangati nyimbo yamveka pa wailesi. Pa mndandanda umenewu "Pata Pata" inakwera kufika pa nambala 12 chakumapeto kwa 1967. Wina anganene kuti 12 si 1, ndipo nzoona. Chaka chotsatira Bambo Hugh Masekela, amene anakhalapo mwamuna wa Mayi Makeba, anafika pa nambala 1 ndi "Grazing in the Grass". Komatu yawoyo inali ya lipenga, yosasowa womasulira. Mayi Makeba anagulitsa chilankhulo cha Afirika kwa anthu osachimva nkomwe, ndipo ife tiyesa ichi ndicho chovuta koposa.

Chomvetsa chisoni nchakuti abale awo sanaloledwe kukondwera nawo. Boma la tsankho la South Africa linawalanda chiphaso m'chaka cha 1960, kotero kuti analephera kupita ku maliro a mayi wawo. Ndipo atalankhula motsutsa tsankho pamaso pa bungwe la United Nations m'chaka cha 1963, mbale zawo zinaletsedwa m'dzikomo. Eni akenso sanaiyese nyimboyi yaikulu. Anali nazo zina zolira dziko lawo, koma dziko lapansi linasankha ya gule.

Ulemerero wa ku America sunakhalitse. M'chaka cha 1968 anakwatiwa ndi Bambo Stokely Carmichael, mtsogoleri wa anthu akuda amene Azungu ambiri ankamuopa. Pomwepo okonza zoimbaimba anayamba kuthetsa mapangano, ngakhale kuti mawu a mayiyo sanasinthe ndi pang'ono pomwe. Banjalo linasamukira ku Guinea, kwa Pulezidenti Sékou Touré, ndipo dzina la Makeba silinafikenso pamwamba potero pa mndandanda wa Billboard.

Anabwerera kwawo m'chaka cha 1990, Bambo Nelson Mandela atatuluka m'ndende. Mu November 2008, ali ndi zaka 76, anaimba "Pata Pata" pa msonkhano wa ku Castel Volturno m'dziko la Italy, nagwa ndi nthenda ya mtima atangoimaliza, ndipo anamwalira usiku womwewo.